Funsani Aphunzitsi: Mwana wanga akusewera pa chipale ku Austria, kodi phiri silimukwirira?

Aphunzitsi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Bangula ndipo ndimagulitsa nsomba zouma pamsika. Mwana wanga wachisamba anapeza ntchito ku Austria, akuphika mu hotela ya m'mudzi wina wa m'mapiri kufupi ndi mzinda wa Innsbruck. Chaka chatha anzake a kuntchito anamuphunzitsa masewera awo otsetsereka pa chipale chofewa atavala timatabwa titalititali kuphazi, amene amati ski. Sabata yatha ananditumizira kanema pa WhatsApp, phiri lonse lili mbuu, iye akungoseka. Akuti chipale choyamba chagwa, ndipo anzakewo akufuna kumutengera kuseri kwa phiri, kunja kwa malo amene anthu onse amaseweramo, ati kumeneko ndiye kokoma. Mchemwali wanga wa ku Chilobwe nyumba yake inapita ndi matope nthawi ya namondwe wa Freddy, ndiye ndikangomva za phiri mtima wanga sukhala m'malo. Ndinamva kuti chipalecho chimagumuka n'kukwirira anthu. Nditamufunsa anati, "Amayi musadandaule, ino ndi Novembala, chipale chikadali chochepa, sichingagumuke." Kodi akunena zoona? Kodi ndi napolo yemweyu? Ndimuletse?

Mayi wodera nkhawa, Bangula, Nsanje

Mayi,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi pamene mwana wanu waphonya, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Kuchepa kwa chipale sikutanthauza kuti phiri lili bwino. Anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza chipale m'mapiri a Alps, kumene kuli mwana wanuko, amada nkhawa kwambiri chaka chimene chipale chagwa pang'ono mu Okutobala kapena Novembala, kenako kumwamba n'kuyera, kuzizira n'kulimba kwa masabata angapo.

Chifukwa chake ndi ichi. Nthaka imene yafunditsidwa ndi chipale siizizira kwenikweni, imakhala pafupi ndi madigiri 0. Koma pamwamba pa chipalecho, usiku wopanda mitambo, kumatha kuzizira mpaka madigiri 10 kapena 15 pansi pa ziro. Kunsi kofundirako, pamwamba pozizira, ndiye chinyezi cha m'kati mwa chipale chimayamba kukwera, ndipo pokwerapo chimasintha timibulu ta chipalecho. Timibulu timene tinali togwirana timasanduka tamakonamakona, tokulirapo, tosamatirirana. Kusinthaku kumachitika mwamphamvu pamene kutentha kwa kunsi ndi kwa pamwamba kukusiyana ndi madigiri oposa 10 pa mita imodzi ya chipale. Tsono tiwerengere limodzi, inu mumadziwa masamu a pamsika. Chipale chikakhala chakuya mamita awiri, madigiri 10 aja amagawika pa mamita awiriwo, mita iliyonse n'kutenga 5 okha, ndipo kusintha kumakhala kochepa. Chikakhala chakuya masentimita 30 okha, ngati chimene mwana wanu akuchiona panopa, madigiri 10 omwewo apanikizika pa kamtunda kakafupi, zomwe zikufanana ndi madigiri oposa 30 pa mita. Mulingo uja wawirikiza katatu. Kuchepa kumene iye akudalira ndiko kukuwononga chipalecho kunsi.

Ndili pa maphunziro ku Ulaya zaka zapitazo, mphunzitsi wina wa za m'mapiri anatikumbitsa dzenje m'chipale mpaka tinafika pa dothi. Pamwamba panali polimba ndithu, fosholo inkachita kudula zibuma. Koma nditapisa dzanja kunsi kwenikweni, chipalecho chinangoyoyoka m'zala ngati shuga wa ku Nchalo, osatheka n'kuchiumba komwe. Gawo loyoyokalo silichoka msanga. Chipale china chikadzagwa pamwamba pake, mphepo imachitsendera mpaka kukhala gawo limodzi lolimba ndi lolemera, koma lokhala pa zinthu zosagwirana. Munthu akapondapo, za kunsizo zimaphwanyika, mng'alu n'kuthamangira mbali zonse, ndipo chibenthu chonse, nthawi zina chotambalala mamita mazana angapo, chimanyamuka nthawi imodzi munthuyo ali pakati pake. M'masekondi ochepa chimatha kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Chipale chimene chinawonongeka mu Novembala chimatha kudzapha munthu mu Febuluwale.

Nanga mu Novembala momwemo? Apa ndi pamene ndikufuna mwana wanu amvetsetse. Nyengo ikamayamba, mbali zambiri za phiri zimakhala zikadali miyala ndi udzu. Malo okhawo amene ali ndi chipale chokwanira kutsetserekapo ndi m'makwawa, kumtunda kwenikweni, ndi mbali zoyang'ana kumpoto zimene dzuwa silifikako nyengo ino. Malo amenewa ndi omwewo amene anasunga chipale cha mu Okutobala chimene chayoyoka kale, komanso ndi omwewo amene mphepo imaunjikako chipale chatsopano. Anzakewo akamafunafuna pamene pali chipale chabwino, akulunjika pamene pali ngozi. Ndipo chigumukire cha nyengo ino, ngakhale chikhale chaching'ono, chimamukokera munthu pa miyala ndi zitsa zimene sizinakwiririke, kotero amavulala koopsa ngakhale asanakwiririke.

Mwafunsa ngati ndi napolo yemweyu. Zonse ziwiri zimatsika m'phiri, zimathamanga kuposa munthu, ndipo zimakwirira. Koma pali kusiyana kumene kukukhazikeni mtima pansi. Napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991, ngakhalenso matope amene anatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023, anabwera ndi mvula yosalekeza n'kupeza anthu ali m'nyumba zawo. Mchemwali wanu sanapite kukaliputa phiri. Chigumukire chimene chimapha anthu a ski sichili choncho. Pa ngozi 10 zilizonse, pafupifupi 9 zimayambitsidwa ndi munthu wokwiriridwayo kapena mnzake wa pagulu lomwelo. Ndiye kuti nthawi zambiri munthu amachita kusankha yekha malo, tsiku ndi anzake oyenda nawo, ndipo zosankhazo mwana wanu ali nazo m'manja.

Sindikubisirani, zinachitikapo kuti chipale chinatsika chokha mpaka m'mudzi. Pa 23 Febuluwale 1999, pambuyo pa masabata a chipale chochuluka ndi mphepo yamkuntho, mudzi wa Galtür m'chigawo cha Tyrol, chomwecho chimene kuli Innsbruck, unakwiriridwa ndipo anthu 31 anamwalira. Kuchokera apo anamanga chikhoma chachikulu chotchinga mudziwo ndi mipanda yachitsulo m'mapiri, ndipo zinthu zikaipa chotere misewu imatsekedwa, anthu n'kusamutsidwa m'nyumba zimene zili pangozi. Pamene mwana wanu amagona ndi pamene amagwira ntchito musataye napo tulo. M'mapiri onse a Alps anthu pafupifupi 100 amafa ndi zigumukire chaka chilichonse, pomwe osewera ski ndi mamiliyoni, ndipo ochuluka mwa omwalirawo amakhala amene anatuluka kunja kwa malo osamalidwa.

Malo osamalidwawo ndi njira zotsetserekamo zimene zili ndi zikhomo m'mbali, zopakidwa mitundu malinga ndi kuvuta kwake, buluu, zofiira ndi zakuda. Kumeneko kuli antchito amene amalawirira m'bandakucha chipale chikagwa, n'kukaphulitsa mabomba kumtunda kuti chogumuka chigumukiretu kusanafike anthu. Makina amatsendera chipale usiku uliwonse. Njira imene sakuikhulupirira amaitseka ndi chingwe. Kungodutsa chikhomo kapena kukwawira pansi pa chingwecho, ngakhale ndi mamita 20 okha, wafika pamene palibe anayesapo. Kuseri kwa phiri kumene akumuitanirako ndi kumeneko.

Si pamalo paliponse pamene pamagumuka. Chibenthu chimanyamuka pa malo opendekeka madigiri 30 kupita m'tsogolo, makamaka pakati pa 35 ndi 45. Madigiri 30 ndi pamene phiri likukwera pafupifupi mamita 6 pa mamita 10 aliwonse opita kutsogolo. Maso amanamiza, koma mapu a pa foni amaonetsa malo oterewa ndi mitundu. Choti akumbukire n'chakuti chipale chikakhala ndi gawo loyoyoka lija, munthu amatha kuchigumula ali patali, ataima posalala m'munsi, mng'alu n'kukwera wokha kukadula chibenthu pamwamba pake. Ndiye asamangoyang'ana pamene waponda, aziyang'ananso chimene chili kumutu kwake.

Tsopano chinthu chimene inu muli ku Bangula mungathandizepo. Madzulo alionse nyengo yozizira, 5 koloko ya kumeneko, imene kuno imakhala 6 koloko, akatswiri a boma ku Tyrol amatulutsa chenjezo la zigumukire la tsiku lotsatira, laulere pa intaneti, ndipo limalembedwanso m'Chingerezi. Ku Switzerland ntchito yomweyi imagwiridwa ndi bungwe la SLF la ku Davos. Kuyambira 1993 mayiko a ku Ulaya anagwirizana zogwiritsa ntchito manambala ofanana, kuyambira 1 mpaka 5. Nambala 1 ndi yobiriwira, 2 yachikasu, 3 ya mtundu wa lalanje, 4 yofiira, ndipo 5 ndi ya masiku osowa ngati a ku Galtür aja. Mlendo akaona 3 amaganiza kuti ndi pakatikati, bola. Ayi ndithu. Pafupifupi theka la anthu onse ofa ndi zigumukire amafa tsiku la nambala 3. Pa 4 ndi 5 ambiri amaopa n'kukhala pansi. Pa 3 phiri limaoneka lokongola, kawirikawiri dzuwa lili ngwee pambuyo pa chimphepo, chipale chatsopano chili mbee, koma kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuchinyamula. Ngakhale pa nambala 2 anthu amafa ndithu, makamaka zaka zimene kunsi kuli gawo loyoyoka. Chenjezolo silithera pa nambala. Limanenanso kuti ngozi ili mbali iti ya phiri, kuyambira pa mamita angati kupita kumtunda, ndiponso ngati vuto ndi chipale chatsopano, chounjikidwa ndi mphepo, chakale cha kunsi, kapena chonyowa. Mukamaimbirana, musamangomufunsa kuti wadzuka bwanji. Muzimufunsa kuti, "Mawa nambala yanji?" Akakanika kuyankha, mwadziwa kuti sanakonzeke kutuluka kunja kwa zikhomo.

Mphepo ndiyo imasintha zinthu msanga kuposa china chilichonse. Imakokolola chipale mbali imene ikuomba n'kukachiunjika kuseri kwa chitunda, mofulumira kuposa mmene chimagwera kuchokera kumwamba. Usiku umodzi wa mphepo, popanda chipale chatsopano n'komwe, phiri limene linali bwino dzulo limakhala litaipa. Ku Innsbruck kuli mphepo yotchuka yochokera kummwera yotchedwa Föhn, imene imafunditsa m'tauni anthu n'kuvula majekete, pomwe pamwamba pa mapiri ikuomba mwaukali. Palinso zizindikiro zimene phiri limapereka lokha. Akaona pamene pagumuka kumene, akamva chipale chikulira pansi pa mapazi ake kuti "vuu" uku chikutitimira pang'ono, akaona ming'alu ikuthamanga kuchokera kunsonga kwa ski zake, kapena ngati kwagwa chipale cha masentimita 30 m'tsiku limodzi, kapena kwatentha mwadzidzidzi, kapena kwagwa mvula pa chipale, abwerere. Chimodzi chokha n'chokwanira. Masiku awiri kapena atatu oyamba chimphepo chitangotha ndi oipitsitsa, ndipo ndi omwewo amene anyamata amathamangira kuti akakhale oyamba kupondapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Munthu akakwiririka, chipale chimene chinali chofewa chimauma gwa chikangoima. Sangathe kusuntha ngakhale dzanja, sangadzikumbe yekha. Ambiri samafa ndi kuzizira ayi, amafa ndi kubanika. Kafukufuku wa ku Switzerland anasonyeza kuti mwa anthu okwiririka thupi lonse, amene afukulidwa m'mphindi 15 zoyamba pafupifupi 9 pa 10 amapezeka amoyo, koma zikakwana mphindi 35 amatsala pafupifupi 3 pa 10. Helikopita kawirikawiri siifika m'mphindi 15, ndipo kukakhala nkhungu kapena chimphepo siiuluka. Mu Febuluwale 2012 Kalonga Friso wa ku Netherlands anakwiririka kunja kwa njira zosamalidwa ku Lech, ku Austria komweko, tsiku la nambala 4. Anakhala pansi pa chipale mphindi zoposa 20, ndipo ngakhale anathamangira naye kuchipatala chachikulu cha ku Innsbruck, ubongo wake unali utawonongeka posowa mpweya, n'kumwalira mu Ogasiti 2013. Ngati mwana wa mfumu sizinatheke kumupulumutsa ndi chuma chonsecho, mwana wa ku Bangula adzapulumutsidwa ndi anzake amene ali naye pomwepo, kapena sapulumuka.

N'chifukwa chake aliyense wotuluka kunja kwa zikhomo amayenera kunyamula zinthu zitatu. Choyamba ndi kachipangizo kotchedwa transceiver, kamene amakamangirira pathupi m'kati mwa jekete ndipo kamakhala koyaka tsiku lonse, kakutumiza chizindikiro. Wina akakwiririka, otsalawo amasintha tawo kuti tiyambe kufufuza, n'kumawalondolera pamene ali. Foni isamakhale mogundana nako chifukwa imasokoneza. Chachiwiri ndi ndodo yopindika yaitali yobaya nayo m'chipale kuti adziwe pamene pali munthu ndi kuya kwake. Chachitatu ndi fosholo yachitsulo. Kufukula munthu amene ali mita imodzi pansi kumafuna kuchotsa chipale cholemera kuposa tani imodzi, ndiye ndi manja okha kapena ndi ski sizitheka. Ena amawonjezera chikwama cha kumsana chimene chimafufuma munthu akakoka kachingwe, kuti asamire kwambiri. Zida zimenezi zimagwira ntchito m'manja mwa munthu amene wayeserera mobwerezabwereza, ndipo sizimaletsa phiri kugumuka. Mwa omwalira, pafupifupi mmodzi pa anayi amaphedwa ndi kumenyetsedwa pa miyala ndi mitengo, ndipo amenewo ngakhale afukulidwe m'mphindi ziwiri sizithandiza. Pamalo opendekeka amayenera kutsika mmodzimmodzi, ena akuyang'anira ali pabwino, kuti phiri likanyamuka asatengedwe onse, pasowe wofukula.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa mwana wanu si chipale, Mayi. Ndi ulemu umene munamulera nawo. Ife a kuchigwa kuno tinaphunzitsidwa kuti mlendo satsutsana ndi eni mudzi. Iye ndi mlendo, ali yekha wakuda pagulupo mwina, akufuna anzake amuone kuti ndi mwamuna wolimba mtima, ndipo akuganiza kuti popeza iwo anabadwira m'chipale ndiye kuti akudziwa. Kubadwira pafupi ndi phiri sikumupatsa munthu nzeru za zigumukire. Anyamata ambiri odziwa kutsetsereka mwaluso sadziwa kanthu za zimene zili kunsi kwa chipale, ndipo luso lawolo ndi limene limawafikitsa pamalo oipa. Amatha kudutsa malo oopsa kakhumi osagumuka, n'kumaganiza kuti anasankha bwino, pomwe unali mwayi chabe. Kuona mapazi a ski za ena pamalo sikutanthauzanso kuti pali bwino, chifukwa chipale chokhala ndi gawo loyoyoka chimatha kulola anthu asanu kudutsa n'kunyamuka ndi wachisanu ndi chimodzi, iye atangoponda pamene chapyapyala. Ndiye mwana wanu akadzaima pamwamba pa phiri mtima ukumuuza kuti ayi, manyazi adzamukankha kuti atsatire. Muuzeni kuti inu mayi wake mwamumasula. Kunena kuti "ine ndibwerera" si mwano, ndipo anthu odziwadi za mapiri amalemekeza munthu wotero.

Mwafunsa ngati mumuletse. Ine ndikuti ayi. Ndi munthu wamkulu, ali kutali, ndipo mukamuletsa zonse adzangosiya kukutumizirani makanema, koma kuphiriko azipitabe. Masewerawa ndi abwino, akumuthandiza kupeza anzake kudziko la eni, ndipo m'kati mwa zikhomo vuto lalikulu limakhala kuthyoka mwendo kapena kugundana ndi wina, chimene chisoti cholimba ndi kusathamanga zimachepetsa. Mupempheni zinthu ziwiri. Chaka chino, pamene wangophunzira kumene, asewere m'njira zotsegulidwa zokha. Ndipo ngati mtima wake uli kuseri kwa phiri, ayambe wachita maphunziro a za zigumukire, amene bungwe la okwera mapiri la Alpenverein limachititsa nyengo iliyonse yozizira, kenako apite ndi namulondola wovomerezeka. Anzakewo awafunse poyera kuti chenjezo likuti chiyani, malowo ayang'ana mbali iti, ndi opendekeka bwanji, ndipo zida zitatu zija anayeserera nazo liti. Akamuseka chifukwa chofunsa, asapite nawo. Safunsa anadya phula.

Pali zina zing'onozing'ono za kuchiyambi kwa nyengoyi zimene ndingozitchula mwachidule. Pa mamita 1,000 alionse okwera, kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye kuchoka ku Innsbruck, kumene kuli pa mamita osakwana 600, kukafika pa 3,000, kusiyana kwake kumafika madigiri 15, mphepo isanawonjezere. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko ndi theka, ndipo wochedwa m'phiri mdima umamupeza. Malo amene amatsegula msanga, monga Stubai, Sölden ndi Hintertux, ali pamwamba pa madzi oundana akalekale amene ali ndi ming'alu yakuya, ndipo nyengo ino ming'aluyo imangophimbidwa ndi kachipale kopyapyala. Kumeneko chingwe asachidutse ngakhale pofuna kujambula chithunzi. Pa khungu lathu lakudali, kupsa ndi chisanu sikuoneka msanga. Chala, mphuno kapena khutu zikachita dzanzi n'kutuwa, alowe m'nyumba, azifunditse ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndipo asazitikite. Asunge m'foni manambala awiri, 112 ya ngozi iliyonse ku Ulaya ndi 140 ya opulumutsa anthu m'mapiri ku Austria. Afunsenso za inshuwalansi, chifukwa ya kuntchito kawirikawiri siilipira helikopita yodzatenga munthu wovulala pa masewera, ndipo mtengo wake umafika mayuro masauzande angapo. Umembala wa Alpenverein umabwera ndi inshuwalansi yolipira zimenezi.

Aphunzitsi,

Ine ndi mnyamata wa ku Ngabu koma ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Ndikufuna mu Julayi ndikaone chipale ku Lesotho ndi anzanga, tikayesenso ski. Kodi za kugumukazi zilikonso kumeneko?

Wa ku Ngabu

Achimwene,

Pitani, mukasangalale. Malo amene mukunena ndi Afriski, m'mapiri a Maloti, pa mtunda wopitirira mamita 3,000, kutanthauza kuti mukakhala pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje imene ili pa mamita 3,002. Nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti. Chipale chambiri chimene mukasewerepo ndi chopangidwa ndi makina n'kutsenderedwa, pa njira yaifupi yosamalidwa, ndiye zigumukire si zimene muziopa kumeneko.

Opani msewu. Ochokera ku Johannesburg ambiri amalowera pa chipata cha Caledonspoort kufupi ndi Fouriesburg, n'kudutsa Butha-Buthe, kenako kukwera Moteng Pass, msewu wokhotakhota komanso wokwera kwambiri. M'mawa ndi madzulo pa phula pamakhala madzi oundana osaoneka ndi maso, makamaka pamene pali mthunzi, ndipo chipale chenicheni chikagwa msewuwo umatsekeka. Yendani masana, funsani za msewu musananyamuke, thirani mafuta okwanira, ndipo m'galimoto mukhale mabulangete, madzi ndi chakudya ngakhale mukuganiza zobwerera tsiku lomwelo. Potsika gwiritsani ntchito giya yaing'ono, musamangodalira mabuleki. Mukakanirira m'chipale usiku, khalani m'galimoto momwemo, ndipo mukaliza injini kuti mufunde, onetsetsani kuti paipi yotulutsa utsi siinatsekeke, zenera n'kulitsegula pang'ono.

Thupi limene linakulira ku Ngabu, kumene Okutobala amapitirira madigiri 40, likaumva mtundawo. Mutu umapweteka, mpweya umaperewera, tulo timasowa. Tsiku loyamba musadzipanikize, imwani madzi ambiri, mowa muuchepetse chifukwa umamunamiza munthu kuti wafunda pomwe thupi likutaya kutentha. Mutu ukakula, mukayamba kusanza kapena kudzandira, mankhwala ake ndi kutsika. Valani zovala zingapo zosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi, za thonje zisakhale pakhungu chifukwa zikanyowa ndi thukuta zimazizira, ndipo musaiwale magolovesi ndi magalasi a dzuwa, pakuti kuwala kochokera pa chipale kumatentha maso. Kumene mukagone, mbaula ya makala isagone nanu m'chipinda chotseka. Ndipo tsiku loyambalo lipirani mphunzitsi wa ski akuphunzitseni kuima ndi kukhota musanakwere kumtunda.